Cholakwika cha pa Chikwama cha Mayi Kogawa

Mayeni 330, m'ndalama za kwathu kuno, ndiwo mtengo wa mpukutu umodzi wa ulusi woyera m'sitolo yanga, ndipo Mayi Tomie Kogawa amagula isanu ndi umodzi chaka chilichonse, maapozi omaliza akangochoka m'mitengo. Amalowa atavala jombo za kuntchito, n'kumaunika mipukutuyo pawindo ngati kuti wina ungakhale woyera kuposa unzake. Popereka ndalama amanena mawu omwewo chaka ndi chaka.

"Ndikangowononga ulusi wakowu, mwanawe."

Sitoloyi ndinaitsegula zaka zitatu zapitazo kuno ku Hirosaki, m'kachipinda komwe kale munali wometa tsitsi. Ndimagulitsa ulusi, singano ndi nsalu yabuluu yopetapo kogini, kapetedwe kakale ka kwathu kuno, ndipo zina ndimatumiza kwa ogula a pa intaneti. Mwa makasitomala anga onse, Mayi Kogawa ndiwo amagula zochepa kwambiri. Koma tsiku loyamba lomwe anaika chikwama chawo chonyamulira kamba wa kuntchito, chopeta okha, patebulo langa kuti afufuze ndalama, ndinaiwala kuwapatsa chenji.

Anabadwira m'mudzi wina m'tsinde mwa phiri la Iwaki, mwana wachinayi m'banja la alimi. Singano anawapatsa ndi azakhali awo a Sawa, osati chifukwa choona luso, koma kuti mwanayo asiye kulongolola. Lamulo la kogini ndi limodzi basi: singano imalumpha kaulusi kamodzi ka nsalu, kapena titatu, kapena tisanu, kapena tisanu ndi tiwiri, osati tiwiri kapena tinayi. Umayenda mzere umodzi kuchokera kudzanja lamanja, n'kutembenuza nsalu, n'kubwerera, mpaka maluwa ake atatuluka. Ukaphonya kamodzi, mizere yonse yotsatira imapendekera. Azakhaliwo sankajambula papepala. Ankangomupatsa mwanayo malaya akale a kumunda kuti aziwerenga yekha.

Anakwatiwa ndi a Osamu, mlimi wa maapozi, ndipo anakhala bwino ndithu mpaka chaka cha namondwe wamkulu amene anagwetsa maapozi akadali osapsa. Anagulitsa theka la munda. A Osamu anayamba kupita ku Tokyo nyengo yachisanu iliyonse kukagwira ntchito ya m'misewu, ndipo mayiwo analowa ntchito kushedi yosankhira maapozi, komwe ali mpaka lero, ngakhale ana anakula ndipo amuna awo ndi malemu. Amaima pambali pa lamba woyenda, n'kumanyamula apozi aliyense, kumutembenuza, kumuika pake. Wosalala ndi wofiira bwino amapita m'bokosi la mphatso, wapakatikati kumsika, wogunda pansi kopanga juwisi. Akaweruka, akadya, amatenga singano. Sanagulitsepo chopeta chawo ngakhale chimodzi. Zonse amapatsa anthu: akwati, ana oyamba sukulu, namwino amene anasamala a Osamu.

Kwathu kuno palibe amene amapereka mphatso akuitama. Tonse timati ndi kanthu kachabechabe, wolandira n'kukana kuti ayi, n'kokongola, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma Mayi Kogawa amapitirira pamenepo. Asanasiye chinthucho m'manja mwako, amaloza ndi chala penapake n'kunena kuti apa ndinalakwitsa. Palibe amene anayang'anapo. Ungayang'anenso bwanji, mwini wake ali pomwepo? Umangoti sipakuoneka cholakwika, iwo n'kupukusa mutu, onse n'kusangalala.

Chikwama chija ndinachijambula, atakana kawiri n'kuvomera kachitatu, ndipo chithunzicho ndinachiika patsamba la sitolo yanga pa intaneti. Chipale chofewa chitayamba kugwa ndinalandira uthenga kuchokera kwa a Hayami, mkonzi wa magazini ina ya zosokasoka ya ku Tokyo. Ankafuna chikwamacho m'kope lawo la nyengo yokolola: masamba anayi, zithunzi zazikulu, chojambula chosonyeza mzere uliwonse kuti owerenga apete chawo, dzina la wopeta, ndi kamzere kamodzi pansi konena kogula ulusi. Kamzere kameneko ndinakawerenga kangapo, sindibisa.

Mayi Kogawa anati zimenezo n'zosatheka. Anati ku Tokyo kuli akatswiri, iwo ndi wosankha maapozi chabe. Ndinabwereranso ndi makeke a nyemba, anakananso. Ulendo wachitatu anati chikwama chakalecho chinada ndi msuzi, ngati anthuwo akakamira ndiye apeta chatsopano. Anatenga mipukutu ina inayi. Sanauze munthu, koma sabata isanathe shedi yonse inadziwa, chifukwa anapempha tchuthi cha tsiku lobwera mlendoyo kudakali miyezi itatu, ndipo anakakonzetsa tsitsi kusaluni pomwe kulibe ukwati kapena maliro.

A Hayami anafika m'mwezi wa Malichi, chipale chitayamba kusungunuka m'mbali mwa misewu. Anali wamsinkhu wanga, waulemu kwambiri, kamera ili m'khosi. Ndinakawatenga kusiteshoni pa kagalimoto kanga. Kwa Mayi Kogawa tinapeza tebulo litadzaza: tiyi, maapozi osenda, ndiwo za mumchere mbale zitatu, zonse akuti n'zosakoma. Titamwa tiyi, anatulutsa chikwamacho atachikulunga m'kansalu, n'kuchimasula pang'onopang'ono.

Ine ndimagulitsa ulusi, ndaona zopeta zambiri, koma chimenechi chinandigometsa. Ulusi woyera unadzaza nsalu yonse mpaka buluu ankangosuzumira m'timipata. Pakati panali duwa lalikulu la ngodya zinayi lomwe anatengera pa malaya a azakhali awo, lozunguliridwa ndi timaluwa tonga timapazi ta mphaka ndi tinyemba. A Hayami anapukuta manja asanachikhudze.

"N'chonyansa, pepani, mwavutikira pachabe ulendo wonsewu," anatero Mayi Kogawa.

A Hayami anayankha moyenera, kuti sanaonepo chokongola chotere. Mpaka pamenepo zonse zinkayenda bwino. Kenaka chala chija chinatuluka.

"Ndipo cha apa, pafupi ndi ngodyayi, ndinalumpha tinayi m'malo mwa titatu. Maso atha."

Ndinadikira kuti a Hayami anene kuti sichikuoneka. Koma iwo anaika kapu pansi, nkhope itasintha. Anafotokoza, akupepesa pa mawu aliwonse, kuti magazini yawo imakulitsa zithunzi mpaka kaulusi kalikonse kuoneka, ndipo owerenga ambiri sadalira chojambula chokha, amawerenga pachithunzi penipenipo. Anati kope lina m'mbuyomu linatuluka ndi chopeta cholakwika mzere umodzi, ndipo anthu amene anataya nyengo yonse yachisanu akutsatira analemba makalata odandaula, ena akulira. Chichitikireni zimenezo, sasindikiza chinthu chomwe mwini wake akudziwa kuti chili ndi cholakwika. Atatero anatsegula kachikwama kawo n'kutulutsa galasi lokulitsa zinthu.

"Mungandionetse malo akewo, mayi? Mwina tingawabise pojambula."

Sindinaonepo munthu wa zaka 68 akufulumira chotero. Galasi lisanafike pansalu, chikwama chinali chitabwerera m'kansalu kake, mfundo itamangidwa. Ndinamvetsa nthawi yomweyo. Mlendo akanayang'ana, akanapeza kuti palibe kanthu, ndiye kuti mwini nyumba wanama pamaso pa mlendo, ndipo mlendoyo akanayenera kumutsutsa m'nyumba mwake momwe. Mayi Kogawa anati chinthu cholakwika sichingatuluke pakhomo pawo. A Hayami anafunsa ngati angamasule mzerewo n'kukonza. Mayi Kogawa anayang'ana patebulo n'kunena kuti zingavute pang'ono, ndipo tonse tikudziwa kuti munthu akatero wakana.

Pobwerera kusiteshoni ndinalankhula njira yonse. Ndinawauza a Hayami kuti mayiwa amatero ndi aliyense, kuti ndingalumbire kuti mulibe cholakwika. Anati nawonso akuganiza choncho, koma sangalande chikwama m'kabati ya munthu wamkulu, komanso sangauze abwana awo kuti wopeta akuti n'cholakwika koma wogulitsa ulusi akuti ayi. Anati masambawo awasunga mpaka Lachisanu. Mwini wake akawaimbira n'kunena kuti chili bwino, abweranso.

Tsiku lotsatira ndinapita ndekha. Anandipatsa tiyi, anandifunsa za amayi anga, anadandaula za mtengo wa palafini. Nditatchula chikwama anati nkhani ija inatha, ndipo mwina zakhala bwino, chifukwa akanangochititsa manyazi mudzi. Tsitsi lawo linali likadali lopotana bwino kuchokera kusaluni. Ankalankhula akuyang'ana kabati.

Pamenepo ndinakumbukira Mayi Kinu Fukushi. Iwo amaima tsidya lina la lamba yemweyo, moyang'anizana ndi Mayi Kogawa, ndipo akhala akuima chotero kuyambira chaka cha namondwe. Nawonso amapeta, ndipo aliyense mwa awiriwa amati mnzakeyo amakoka ulusi kwambiri. Nditawafotokozera anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti ndidzawatenge Lachinayi akaweruka masana.

Analowa m'nyumbamo osadikira kuitanidwa.

"Iwe Tomie, ndamva kuti wathamangitsa mlendo wa ku Tokyo. Bweretsa chinyansi chakocho ndione."

"Chakukhudza n'chiyani iwe? Wabwera kudzandithera tiyi basi."

"Tiyi wakoyu ngwamadzi, ndingamutherenji? Tulutsa. Zaka zonsezi ndakhala ndikufuna kuona pomwe umalakwitsa, lero ndiye lero."

Mayi Kogawa anang'ung'udza, koma anatsegula kabati. Kwa mnzawo sakanakana, chifukwa kukana kukanatanthauza kuti akuopa. Mayi Fukushi anakhala pawindo, anavala magalasi awiri ophatikiza, n'kuyamba kuyenda ndi nsonga ya singano mzere ndi mzere, milomo ikugwedera. Anayambira pangodya ija. Anapita pakati. Anatembenuza chikwama kuti aone mkati, momwe timakhwekhwe ta ulusi pokhotera mzere tinali tofanana ngati mano a chipeso. Tiyi anazizira, tinaphika wina. Mayi Kogawa ankasenda maapozi omwe palibe anawapempha.

Dzuwa litapendeka Mayi Fukushi anavula magalasi, anapinda chikwama, n'kupempha ndiwo za mumchere.

"Nanga?" ndinafunsa.

"Nanga chiyani? Ine ndiyamike Tomie? Ndisanafe ayi."

Anatafuna kwa kanthawi, kenaka anatembenukira mnzawo, mawu atatsika.

"Tandiuza, akabwera apozi wosalala, wofiira mbali zonse, wopanda chipsera, umamuika kuti?"

"Funso lanji limenelo? M'bokosi la mphatso."

"Sumuponya ku juwisi kuti uoneke waulemu?"

"Ndingamulakwire choncho mlimi? Munthu wavutika naye chaka chathunthu."

"Chaka chatha unakangana ndi kapitawo chifukwa cha apozi mmodzi wa mlimi yemwe sumudziwa n'komwe. Koma chako ichi, chomwe wapeta chisanu chonse, ndi duwa la azakhali ako pakati, wachiponya ku juwisi ndi dzanja lako."

Mayi Kogawa anasiya kusenda. Mayi Fukushi anawonjezera, akutola ndiwo ina, kuti ngati masamba anayiwo akusowa chodzazira, iwo ali ndi kapilo kawo kunyumba, kali ndi zolakwika zitatu, koma iwo pakamwa pawo amadziwa kutseka.

"Kapilo kako kokwinyika kaja? M'magazini? Dzina la mudzi uno lili pansi?"

"Nanga titani, poti akatswiri akukana."

Mayi Kogawa anaimirira, analowa kuchipinda, ndipo anatuluka atavala juzi yawo yopitira kumaukwati. Anandiuza kuti ndiwaimbire a Hayami. Ndinaika foni patebulo kuti tonse tizimva, ndipo iwo anagwada patsogolo pake, msana uli chilili, manja pamaondo.

Anayamba ndi chipale, kuti chikusungunuka. Anafunsa ngati ku Tokyo maluwa ayamba. Anapepesa chifukwa cha tiyi wa tsiku lija, chifukwa cha msewu woipa, chifukwa cha ndiwo zowawa mchere. A Hayami ankayankha zonse moleza. Mayi Fukushi anandiyang'ana n'kuloza wotchi ya pakhoma.

"Chikwama chija," anatero potsiriza, "tachiyang'ananso."

"Zikomo kwambiri, mayi. Ndiye kuti mwakonza malo aja eti?"

Ndinaona kuti a Hayami awatsegulira khomo dala. Akanangoti inde, nkhani ikanatha, ulemu wa aliyense uli wosunga. Ine ndinagwedeza mutu mwamphamvu kuti avomere. Mayi Kogawa anayang'ana chikwama, kenaka anayang'ana mnzawo.

"Ayi, sindinakonze. Panalibe chokonza." Anapuma. "Tsiku lija ndinanama, mwana wanga. Sindinalumphe tinayi. Chikwamachi chili bwino chonse, kuyambira pansi mpaka pamwamba. Bwerani ndi galasi lanulo."

Anawerama mpaka mphumi kutsala pang'ono kugunda foni. A Hayami anathokoza kangapo, mawu akunjenjemera ngati akuletsa kuseka, n'kunena kuti abwera sabata yotsatira. Foni itadulidwa, Mayi Kogawa anapukuta thukuta m'khosi ndi kansalu kokulungira chikwama kaja, ngakhale m'nyumbamo munkazizira.

"Waona, sunafe," anatero Mayi Fukushi.

"Khala chete. Idya apozi uyo, ngwoipa koma."

A Hayami anabweradi ndi galasi lawo, ndipo anayenda nalo pachikwama chonse, Mayi Kogawa atakhala pambali, chala chili chopinda m'dzanja linalo. Wojambula mizere wa magaziniyo anatha masabata angapo akusamutsira duwa la a Sawa papepala, koyamba chipetereni duwalo.

Kope linatuluka maapozi oyamba akufiira. Tsamba loyamba ndi chikwama chokha, chachikulu kuposa mmene chilili. Lachiwiri ndi manja awo, zala zokhota ndi ntchito ya kushedi, singano ili pakati. Pansi pake analemba kuti Tomie Kogawa, wosankha maapozi, ndipo duwalo analitcha dzina la azakhali awo, monga anapemphera. Nditawapititsira kope lawo anayang'anitsitsa nthawi yaitali n'kunena kuti manjawo atuluka ngati mizu ya mtengo wakale, wojambulayo alibe chisoni. Za chikwama sananene choipa chilichonse. Kushedi akuti magaziniyo imayenda nawo m'chikwama chakale cha kamba chija, m'pepala la pulasitiki kuti msuzi usaidonthere, ndipo amaitulutsa pokhapokha wina akapempha kawiri. Mayi Fukushi anagula makope atatu, akuti ngoyatsira moto.

Ine ndinakonza timapaketi 150 ta nsalu, ulusi ndi singano, tokwanira chikwama chimodzi, ndipo tinatha mwezi usanathe. Maoda anachokera mpaka ku Okinawa, komwe anthu ake sadziwa chipale. Mayi wina wa ku Nagoya anatumiza chithunzi cha chikwama chake, atapeta ndi ulusi wofiira. Nditawaonetsa Mayi Kogawa pafoni, anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri, anawerenga kwa kanthawi, n'kunena kuti mayiyo ali ndi dzanja labwino, koma ndimuuze asamakoke ulusi pokhota, nsalu idzakwinyika ikachapidwa.

Mawu amenewo ndiwo anandipatsa ganizo. Kuseri kwa sitolo yanga kuli malo omwe wometa uja ankasambitsira anthu mitu, ndipo ndikachotsamo makatoni mungakwane mipando isanu ndi itatu. Ndinawapempha kuti aziphunzitsa Loweruka lililonse masana, maapozi akatha. Anati iwo si mphunzitsi. Ndinapitanso, anati ophunzirawo adzathawa tsiku loyamba. Ulendo wachitatu anafunsa ngati m'chipindamo muli kuwala kokwanira, chifukwa munthu sangawerenge tiulusi mumdima, ndiponso anati Kinu azibwera nawo, kuti akhale ndi wowaonetsa ophunzira mmene sayenera kuchitira.

Anthu asanu alembetsa kale. Lolemba ndikupita kukagula mipando ndi nyale ziwiri zapatebulo, ndiitanitsenso mipukutu 400 ya ulusi woyera, ndipo tiyamba Loweruka loyamba la Disembala.